Gill Sakwatira Gill

Ku Mangalande sindinapiteko chifukwa chokulakalaka. Ndinali khukhi wa mzungu wina pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, ndipo nthawi yake yobwerera kwawo itakwana, dona wake anati pa ukalamba wake sangayambe kuzolowera dzanja la wophika wina. Anandikonzera mapepala. Mkazi wanga ndinakamusiya kwawo ku Dedza, m'manja mwa mlongo wake, ali ndi mwana wamwamuna amene anali atangoyamba kukwawa. Ndinamuuza kuti sindikachedwa. Aliyense wopita kutali amatero.

Bwanayo sanakhalitse. Chisanu chinamutenga tisanazolowere n'komwe, dona n'kusamukira kwa mwana wake, kumene kunalibe malo a khukhi. Kubwerera ndinkafuna, koma ndikanabwerera ndi chiyani? Munthu wina wa ku Zambia amene tinadziwana kutchalitchi anandilozera fakitale yochapa nsalu kumadzulo kwa London, kufupi ndi Southall. Anandipezeranso bedi m'nyumba ya amuna okhaokha, momwe tinkagona mothinana, aliyense sutikesi yake kunsi kwa bedi, masokosi onyowa ali lendelende pamwamba pa hita.

Fakitaleyo inkachapa nsalu za m'mahotela: zoyala pabedi, matawulo, nsalu za patebulo. Ntchito yanga inali kulowetsa nsalu zonyowa m'chimakina chositira, anthu awiri, wina nsonga iyi wina nsonga iyo, kuyambira m'mawa mpaka miyendo itachita dzanzi. Kunja chisanu chinkaluma makutu, m'katimo thukuta linkatsikira m'nsapato. Khungu la m'manja linkasendeka ngati la njoka. Mwezi ukatha ndinkapita kupositi kukatumiza kangachepe kumudzi, kotsalako n'kulipira bedi ndi buledi.

Ambiri ogwira ntchito m'menemo anali amwenye a nduwira ndi ndevu, ochokera ku Punjab. Amuna onse a chipembedzo chawo amatchedwa Singh, ndiye kapitao wachizungu akakuwa kuti "Singh!" theka la fakitale linkatembenuka. Atatopa nazo anawauza kuti aliyense apereke dzina lina. Iwo anapereka a mfunda: wina Sandhu, wina Dhillon, wina Gill. Koma a Gill nawo anachuluka. Panali Gill Wamtali, Gill wa Lole, Gill Wosaseka, ndi Gill wa Boila, amene ankasamala chimphika chachikulu chotulutsa nthunzi yoyendetsa makina onse.

Tsiku lina ndinagunda mkono pa paipi yotentha. Ndinakuwa kuti, "Mayo ine!"

Kumbuyo kwanga mawu anati m'Chichewa, "Iwe, thira madzi ozizira msanga. Usapake mafuta."

Ndinayesa kuti mutu wayamba kusokonekera. Ndinatembenuka, n'kuona Gill wa Boila, bambo wamfupi wa ndevu za imvi, sipanala ili m'manja.

"Mwati bwanji?" ndinafunsa.

"Ndati madzi. Ndiwe wa kuti?"

"Wa ku Dedza."

"Ine wa ku Limbe," anatero, n'kundikokera pampopi.

Dzina lawo loyamba linali Harbans. Anabadwira ku Limbe, bambo awo atabwera kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo iwonso anakula akukonza injini za sitima za malasha. Ntchito zotere zitayamba kuperekedwa kwa eni dziko, anatenga mkazi ndi mwana wawo n'kubwera ku London, dziko limene anali asanalionepo. Chichewa chawo chinali cha m'sitolo ndi m'shedi ya sitima, chopanda "inu", koma ine ndinali nditatha nthawi yaitali osamva munthu akulankhula mawu a kwathu. Mkono unali kuwawa, koma ndinkangoseka.

Pasanapite nthawi anandipatsa kachipinda ka kuseri m'nyumba mwawo. Akazi awo tonse tinkangowatchula kuti Bibi. Chizungu sankachidziwa, koma Chichewa cha pamsika wa Limbe ankachitafuna bwino kuposa amuna awo. Mwana wawo anali mmodzi yekha, mtsikana, Pami, amene nthawiyo anali kusekondale. Chichewa ankamva chonse, koma ankayankha m'Chizungu, kupatula mawu amodzi: ankanditchula kuti Ankolo.

Poyamba sizinali zosalala. Lamlungu lina m'mawa a Gill ali khale pampando anati, "Iwe boyi, katenge malasha panja."

Ndinawayang'ana. Kwathu ndinali nditaimapo pawindo la sitolo ya mmwenye, kudikira kuti andione. Ndinati, "A Gill, boyi anatsala ku Thyolo. Kuno tonse timadinda khadi pa wotchi imodzi."

Kenaka anadzuka, n'kutenga ndowa, kukatapa malashawo okha. Sanapepese, ndipo sindinayembekezere kuti apepese. Koma kuyambira tsiku limenelo ndinakhala a Phiri, ndipo "inu" anamuphunzira ali ndi imvi. Pamene mapepala anga ankafunika kuwonjezera masiku, anajomba kuntchito n'kundiperekeza ku Croydon ku maofesi a boma, kuima nane pamzere mvula ikuwaza, mpaka dzina langa litaitanidwa.

Anali ndi kadimba kobwereka kufupi ndi njanji, kumene ankalimako mpiru ndi anyezi. Ndinadabwa kuona kuti kwawo nakonso mpiru ndi ndiwo ya ulemu, ndipo amadyera chapati cha ufa wa chimanga. M'chilimwe, dzuwa likamachedwa kulowa, tinkapita kumeneko tikaweruka. Ndi kumeneko kumene ndinawafunsa za dzina lawo.

"Kodi a Gill nonse mwadzaza fakitale muja ndinu pachibale?"

"Tonse," anatero. "Ngakhale amene sindinamuonepo."

Anatapa dothi, n'kulifinya m'dzanja mpaka linaumbika. "Ichi m'chinenero chathu ndicho gill. Chinyontho. Nthaka yonyowa, yoti ukaponyamo mbewu siikukana."

Kenaka anandifotokozera monga anamvera kwa agogo awo. Kalekale kunali mfumu ya akazi angapo, koma yopanda mwana. Inakwatira mkazi wina wa kwa alimi, ndipo ameneyo anabereka mwana wamwamuna. Akazi anzake, chifukwa cha nsanje, anaba khandalo n'kukalitaya kuthengo, m'mphepete mwa dambo. M'mawa munthu wina wopemphera, wokhala yekha m'nkhalango, analipeza lili moyo, lanyowa ndi mame ndi matope. Analitola n'kulitcha Gill. Pambuyo pake mfumu inamuzindikira mwana wake, ndipo kwa iyeyo ndiko kunachokera a Gill onse.

"Ena amakamba mosiyana," anatero. "Ena amati dzinali linabwera ndi anthu ochokera kutali kumpoto. Ine ndinalibepo. Koma ku Punjab kuli midzi yathunthu yoti aliyense ndi Gill, kuyambira wamkulu wa mudzi mpaka wakuba nkhuku."

"Ndiye kwathu mukanakhala a Dambo," ndinatero.

"Nanga Phiri?"

"Phiri ndi phiri basi. Makolo athu akuti anagona paphiri."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Inu a kumtunda, ife a kumadzi. N'chifukwa chake mpiru wanu ukufota, wanga ukukula."

Anandiuzanso lamulo lake. Gill sakwatira Gill. Pofuna mkazi, munthu amapewa mfunda wa bambo ake, wa mayi ake, ngakhale wa agogo ake aakazi. Bibi kwawo anali Sandhu. Ndinawauza kuti kwathunso kale zinali choncho, Phiri sankayang'ana Naphiri. Tinagwirizana kuti makolo anali anzeru, n'kupitiriza kupalira. Sitinadziwe kuti nkhani yocheza nayo padimba idzalowa m'nyumba.

Pami anamaliza sukulu n'kuyamba ntchito m'sitolo yogulitsa mankhwala. Anali mtsikana wofatsa, koma wosabwerera m'mbuyo akanena chinthu, ngati bambo ake. Lamlungu lina masana tikudya, anaika supuni pansi n'kulankhula m'chinenero chawo. Sindinamve mawuwo, koma ndinaona Bibi akumwetulira, a Gill akugwedeza mutu mofunsa. Anafunsa funso loyamba, Pami n'kuyankha. Lachiwiri, n'kuyankha. Pa lachitatu Pami anayang'ana m'mbale, ndipo mawu amodzi amene ananena ndinawamva ngakhale ine.

"Gill."

A Gill anabweza chapati m'mbale. Anasamba m'manja n'kutuluka.

Ndinakawapeza kudimba. Mnyamata amene Pami ankafuna kukwatiwa naye dzina lake linali Ranjit, woyendetsa basi, wa nduwira, wosamwa mowa, wa chipembedzo chawo chomwe. Makolo ake anali ku Punjab, m'mudzi wakutali ndi kwa makolo a a Harbans, ndipo mabanja awiriwo sanadziwanepo.

"Chilichonse ali nacho," anatero a Gill. "Akanakhala Dhillon ndikanavina mumsewu. Koma uyu ndi mlongo wake wa Pami."

"A Gill," ndinatero, "kwathu a Phiri tinachuluka mpaka lamulo lija linatopa. Masiku ano akulu amangofunsa kuti Phiri wa kuti, akaona kuti n'kutali amalola."

"Madzi a mumtsinje akachuluka sasanduka a mtsinje wina," anayankha. "Ndikalola, mwana wobadwayo adzanditchula chiyani? Anthu kukachisi adzandiyang'ana bwanji? Ndinasiya nyumba ku Limbe, ndinasiya ntchito, ndinasiya dzuwa. Ichi chokha ndicho ndinabwera nacho."

Ranjit anabwera kamodzi, atavala suti. Anaima pakhomo n'kunena mwaulemu kuti chipembedzo chawo chinapatsa amuna onse dzina limodzi kuti za mifunda zithe. A Gill anamva zonsezo ali kuseri kwa chitseko, osatsegula. Patapita milungu ingapo Pami anatuluka m'mawa ndi sutikesi imodzi. Ine ndinali pampopi wa kukhitchini. Anati, "Ankolo, muziwayang'ana amayi." Tinadzamva kuti anakwatirana ku ofesi ya boma. A Gill anachotsa chithunzi chake pakhoma n'kunena kuti m'nyumba muno dzina limenelo lisamveke, mwana wawo anamwalira.

Zaka zinadutsa. Nyumba inazizira kuposa kunja. Bibi ankaphika, a Gill ankadya, ine ndinkakhala pakati pawo n'kumakamba za kufakitale kuti pasakhale zii. Makina atsopano anabwera, anzathu ena anachotsedwa, Gill Wamtali anapita ku Canada. Kumudzi ankandiuza kuti mwana wayamba sukulu, kenaka kuti wakula, kenaka anasiya kundifunsa za tsiku lobwera.

Chifuwa cha a Gill, chimene tinkati n'cha utsi wa boila, chinakula. Anawonda mpaka nduwira inkaoneka yolemera pamutu pawo. Tsiku limene anawagoneka m'chipatala, Bibi anandiimitsa pamasitepe.

"Achimwene," anatero. Anali asananditchulepo choncho. "Adokotala auza mnansi wathu kuti masiku atsala ochepa. Ine basi sindiidziwa, Chizungu sindichidziwa. Ndikatuma munthu wa kwathu, mawa Southall yense adziwa, bamboyo amva, akwiya. Kandipezereni mwana wanga."

"Ali kuti?"

"Kutsidya kwa mtsinje, kum'mawa. Mwamunayo akuyendetsabe basi. Ndizo zokha ndikudziwa."

Ndinaganiza kuti n'zapafupi. Ndinalowa m'kanyumba ka foni pamsewu n'kutsegula buku la manambala. A Gill anali masamba ndi masamba, ndipo oyamba ndi R okha anali oti sungawaimbire n'kutha. Ndinasankha a kum'mwera kwa mtsinje wodutsa pakati pa London, ndipo amene sankayankha foni ndinkawapitira ndi miyendo, Loweruka masana ndi Lamlungu.

Kumeneko ndiko ndinadziwa kuti dzinali si la ku Punjab kokha. Ku Croydon chitseko anatsegula mayi wokalamba wachizungu, kagalu kali m'manja. Nditafotokoza, anandilowetsa n'kundipatsa tiyi. Anati R anali malemu mwamuna wake, ndipo makolo ake anachokera kumapiri a kumpoto kwa dzikolo, kumene mawuwo amatanthauza kachigwa koyenda madzi. Ndinadzigwira kuti ndisaseke pamaso pa namfedwa. Ngakhale kwa azungu, a Gill anali a kumadzi.

Ku Peckham ndinapeza bambo wakuda ngati ine, kalipentala wochokera ku zilumba za West Indies, utuchi uli mbuu m'tsitsi.

"Gill ndine," anatero. "Koma mmwenye sindine, ukuona wekha."

"Dzinali munalipeza bwanji?"

"Makolo anga analitola m'munda wa nzimbe. Linali la mwini munda, amene analinso mwini wawo." Ananena zimenezi mosakwiya, akupukuta manja. Kenaka anati, "Mnzanga, ukutha nsapato pachabe. Woyendetsa basi samufuna kunyumba. Pita kumene mabasi amagona, ukalowe m'kantini yawo. Kumeneko amadziwana onse."

Ndinatero. Pa garaja yoyamba sanamudziwe. Pa yachiwiri ndinapeza madalaivala a nduwira atazungulira tebulo, akumwa tiyi. Ndinapereka moni m'mawu ochepa a chinenero chawo amene Bibi anandiphunzitsa, ndipo anasangalala, n'kundikokera mpando.

"Ndikufuna Gill," ndinatero.

"Uti? Pano a Gill tikhoza kupanga timu ya mpira, otsala n'kukhala oonerera."

"Ranjit."

"Alipo angapo."

"Amene anakwatira Gill mnzake."

Kuseka kunatha. Wina anayang'ana m'kapu, wina pawotchi. Wamkulu wawo anati munthu wotero samudziwa, ndipo mmodzimmodzi anadzuka kupita ku mabasi awo. Ndinatuluka nditataya mtima. Ndili pageti ndinamva mapazi kumbuyo. Anali mayi wogulitsa tiyi uja, mmwenye nayenso, apuloni ili m'chiuno.

"Wadwala ndani?" anafunsa.

"Bambo a mkaziyo."

"Anachoka pano chifukwa anzake sankadya naye tebulo limodzi. Kwerani basi yodutsa Greenwich, mukatsike ku Woolwich. Kuseri kwa msika, pamwamba pa sitolo ya nsapato. Musanene kuti ndine."

Ndinafika dzuwa likupendeka, mphepo ya kumtsinje ikulowa m'chikhothi. Chitseko anatsegula Pami mwini, mwana wamkazi ali m'chiuno. Anali atanenepa pang'ono, nkhope yafanana ndi ya Bibi.

"Ankolo!" Anandigwira mkono n'kundikokera m'kati. Koma tisanakhale pansi anaima n'kundiyang'anitsitsa. "Amwalira?"

"Ayi. Ali m'chipatala."

"Akutumani ndi iwo?"

Ndikanatha kunama, koma akanakazindikira pakhomo la chipatala. "Ayi. Amayi ako."

Anakhazika mwana pansi n'kuyamba kutsuka makapu oyera kale. "Anauza anthu kuti ndinafa. Wakufa amakazonda bwanji wodwala?"

"Chibale n'fupa, mwanawe, sichiola."

"Zimenezo mukawauze iwowo, Ankolo. Chibale chomwecho ndicho anandithamangitsira."

Ndinakhala pampando, mwana uja akusewera ndi zingwe za nsapato zanga. Patapita kanthawi Ranjit analowa, atavala yunifolomu. Anandizindikira, n'kundipatsa moni ndi manja awiri. Pami anamufotokozera mwachidule, msana uli kwa ife.

Ranjit anakhala pansi n'kuvula nsapato pang'onopang'ono. Analankhula m'Chizungu, kuti inenso ndimve. "Bambo anga nawonso anandikana, ukudziwa. Atamwalira ku Punjab, ndinamva mwezi utatha, kwa munthu wokwera basi. Palibe amene anatha nsapato kundifuna. Pita. Akakuthamangitsa, udzabwera utawaona."

Pami anatseka mpopi. Anandifunsa m'Chichewa, koyamba chimudziwire, mawu akutuluka mokhota: "Akudya?"

"Pang'ono."

"Sakonda zakudya za azungu," anatero, n'kutsegula kabati kufuna ufa.

Mawa lake masana, nthawi yoona odwala, tinalowa tonse: Bibi kutsogolo, ine, kenaka Pami ndi mwana. Ranjit anatsala m'khonde. A Gill atamuona Pami anatembenukira kukhoma. Anati, "A Phiri, mwandigulitsa."

"Sindinakugulitseni. Ndangoyenda."

Bibi ananyamula mdzukulu wake, amene anali kumuona koyamba, n'kumukhazika pabedi. Mwanayo anayang'ana nkhalambayo, kenaka anatambasula dzanja n'kugwira ndevu zija, zimene munthu aliyense sankayerekeza kuzikhudza. Anakoka. A Gill anati "Aa!" n'kutembenuka kuti amasule tizalato, ndipo atatigwira sanatisiye. Pami anamasula kansalu, n'kunyema chapati, kuviika mu mpiru. A Gill anadya osamuyang'ana. Koma anadya.

Kuyambira pamenepo Pami ankabwera masana aliwonse. Pang'onopang'ono anayamba kulankhulana, za mankhwala, za mwana, za mtengo wa mango umene unali kuseri kwa nyumba yawo ku Limbe. Ranjit anasinthitsa nthawi ya ntchito kuti aziwaperekeza, ndipo tsiku lililonse ankaima m'khonde, pafupi ndi chitseko, pomwe nsonga ya nduwira yake inkaonekera pagalasi. Sanayesepo kulowa.

Tsiku lina, mawu atayamba kuchepa, a Gill anandikodola.

"Uyo waima apoyo satopa?"

"Ndi dalaivala. Amakhala pansi tsiku lonse."

"Muitaneni."

Ranjit analowa n'kuima kumiyendo kwa bedi. Ndinayesa kutuluka kuti alankhule za kwawo, koma a Gill anandigwira malaya. Sanafune kulankhula naye m'chinenero chawo. Analankhula Chichewa, chimene Ranjit sankachimva, maso ali kwa ine, ndipo ine ndinkatembenuza m'Chizungu changa cha kukhitchini. Ndinazindikira kuti andisandutsa nkhoswe.

"Muuzeni kuti mkamwini sindidzamutchula. Lilime likukana, ndipo sindingayambe kunama pano."

Ndinanena. Ranjit anagwedeza mutu. Pami anayamba kudzuka, koma Bibi anamugwira phewa.

"Muuzeni kuti mwana wamwamuna ndilibe. Amene ndinali naye anatisiya ali khanda ku Limbe. Kwathu moto wowotcha maliro a bambo amayatsa ndi mwana wamwamuna, wa mfunda wake." Anapuma nthawi yaitali, chifuwa chikulira. "Mufunseni. Iyeyu ndi Gill, kapena ayi?"

Ndinafunsa. Ranjit anati, "Ndine Gill."

"Ndiye adzayatsa ndi iyeyo. Zaka zonsezi ndakhala ndikunena kuti ndi mwana wanga, n'chifukwa chake ndinakana. Lero sindisintha mawu."

Mawu amenewa anamalizitsa kumasulira ndi Pami, akulira. Ranjit anawerama n'kugwira mapazi a nkhalambayo pamwamba pa bulangete. A Gill anayang'anabe kudenga, koma dzanja lawo linafufuza mpaka linapeza nduwira ya mnyamatayo, n'kukhala pamenepo.

Anamwalira sabata yomweyo. Mwambo wawo wowotcha maliro unkandivuta mumtima, ine wobadwira kumene munthu timamubweza m'nthaka, koma ndinapita, nditamanga kansalu kumutu monga onse. Ku London kulibe nkhuni kapena muuni. Bokosi limalowa kuseri, ndipo wachibale amapita kukakanikiza batani. Nthawiyo itakwana, mkulu wina wa kukachisi anaimirira n'kuyamba kuyang'ana pakati pa amuna, kufuna Gill wina woyenera, poti analipo ambiri, a kufakitale ndi a kutali. Ranjit atadzuka, kunamveka manong'onong'o. Bibi, amene chikwatiwire anali asanakwezepo mawu pamaso pa amuna, analankhula mwachidule m'chinenero chawo, n'kuloza ine. Pambuyo pake Pami anandiuza zimene ananena: mwini wake anasankha, mboni ndi uyo. Onse ananditembenukira. Ndinagwedeza mutu. Mkulu uja anapatuka, Ranjit n'kudutsa.

Bibi anasamukira ku Woolwich, nyumba ija n'kugulitsidwa. Ine ndinagwirabe ntchito kanthawi, koma boila inali ndi munthu wina, ndipo m'fakitale monse munalibenso woti n'kumufunsa kuti wadzuka bwanji m'chinenero changa. Miyendo nayo inali itayamba kutupa. Ndinamanga katundu.

Ku Dedza ndinapeza nyumba ya malata imene ndinkangoimva, ndi mkazi wa imvi amene anandilandira mwaulemu ngati mlendo wa boma. Mlamu wanga, amene ndinamusiyira banja, anali atakalamba. Mayi anga anali atamwalira. Mwana uja ndinamusiya akukwawa anali mwamuna wa ndevu, wamtali kundiposa, ndipo pondipatsa moni anagwada patali, osadziwa choti anditchule. Madzulo mnzake wina anadutsa n'kumuitana ndi dzina limene silinali langa. Mkazi wanga anaona kuti ndamva.

"Kusukulu anamulembetsa ndi amalume ake," anatero motsitsa mawu. "Akadwala ankamunyamula ndi iwo. Anangozolowera."

Ndinati palibe kanthu. Zinandiwawa, koma amene anamulera ndinali kumuona ndi maso, atakhala pakhonde, msana utapindika.

M'mawa mwake ndinati ndikufuna kukaona pamene anagona mayi anga, kumudzi kwathu, kutsidya kwa phiri. Ndinatenga ndodo, koma ndisanafike pamsewu miyendo inayamba kukana. Ndinaima pansi pa mtengo kuti ndipume. Kumbuyo kunalira belu la njinga. Anali mwana wanga uja, atamangirira kapilo pakaliyala. Anatsika, n'kugwira njingayo kuti isagwedezeke, maso ali pansi.

"N'kutali," anatero. "Kwerani, bambo."